Anawotchedwa pa umboni wanji?



Aliyense wa kuno ku Khuyu amene anaperekezako wodwala ku chipatala cha St Peter's amalidziwa dzina la Chipyela. Timalitchula tsiku ndi tsiku osaganizira tanthauzo lake. Dzinali likuchokera ku mawu oti kupya, amene anzathu a kumtunda amati kupsa. Zolemba za amishoni a UMCA, omwe anakhazikika pa chilumba chino mu 1885, zimanena kuti pamalopo ndi pamene ankawotchera anthu oganiziridwa ufiti, ndipo tchalitchi chachikulu chimene anayamba kumanga mu 1903 chinaima pomwepo. Choncho ngakhale nkhani ya lero itiyendetse maiko akutali, si ya azungu okha ayi. Phulusa lake lili pansi pa mapazi athu.

M'mayunivesite ambiri a ku Ulaya ndi ku America muli phunziro la teremu yathunthu lonena za kusaka afiti kumene kunachitika kumeneko pakati pa zaka za 1450 ndi 1750. Akatswiri amene anafufuza m'mabuku a makhoti a nthawiyo amati anthu ophedwa mwa chigamulo cha khoti pa mlandu wa ufiti anali pakati pa 40,000 ndi 60,000, ndipo mwa anthu 4 alionse, 3 kapena kuposerapo anali amayi. Chimene chimadabwitsa ophunzira atsopano ndi nthawi yake. Ambiri amayesa kuti izi zinachitika kalekale, anthu asanadziwe sukulu. Si choncho. Moto unayaka kwambiri pakati pa 1560 ndi 1630, mayunivesite alipo kale, makina osindikizira mabuku akugwira ntchito, ndipo ambiri mwa oweruza milanduyo anali anthu osula malamulo kusukulu. Buku lotchedwa Malleus Maleficarum, limene Heinrich Kramer anatulutsa cha m'ma 1487 pofuna kuphunzitsa oweruza kagwiridwe ka afiti, linafala chifukwa cha makina omwewo, monga mmene mphekesera zimathamangira pa WhatsApp masiku ano.

Tsiku loyamba la phunziroli, mphunzitsi wodziwa ntchito yake amayamba waika pambali funso limene aliyense wabwera nalo, loti kodi afiti aliko kapena kulibe. Sachita izi chifukwa cha mantha. Chifukwa chake nchakuti mapepala a khoti sangayankhe funso limenelo. Chimene mapepala angatiuze ndi ichi: analoza chala ndani, analoza yani, kunali kutagwa tsoka lanji, umboni umene khoti linalandira unali wotani, ndipo zinatha bwanji.

Pano tiyankhe makolo amene angade nkhawa kuti mwina tikufuna kuphunzitsa ana kukana zimene Qur'an yolemekezeka yanena. Sitikutero. Sihr yatchulidwa mu Surah Al-Baqarah, ndipo tonse timawerenga Surah Al-Falaq popempha chitetezo kwa Allah. Koma kunena kuti matsenga aliko ndi nkhani ina, kunena kuti agogo aujeni ndiwo apha mwana wa aujeni ndi nkhani inanso. Pakati pa ziwirizi pali dzenje lalikulu, ndipo mlatho wake ndi umboni. Phunziro lonseli ndi la mlatho umenewo.

Tiyambire panyanja, poti ife mwera timaudziwa. Mu 1589 mfumu James VI ya ku Scotland inkadikira mkazi wake, Anne, amene ankachokera ku Denmark pa zombo. Namondwe anabweza zombozo, mfumu inachita kumulondola yokha, ndipo pobwerera mu 1590 nyanja inavutanso. Ku Denmark anthu anayamba kufunsa ngati zombozo zinakonzedwa bwino, koma nduna imene funsolo linkaigwera inati vuto ndi afiti, ndipo amayi angapo anawotchedwa. Ku Scotland nako, mtsikana wantchito dzina lake Geillis Duncan anakayikiridwa ndi bwana wake chifukwa ankatuluka usiku ndiponso ankadziwa kuthandiza odwala. Anamufinya zala ndi chitsulo mpaka anavomera, nkutchula anthu ena. Mmodzi mwa otchulidwawo anali Agnes Sampson, mzamba wachikulire, amene mfumu yomwe inakhala nawo pomufunsa. Atamumeta, kumukulunga chingwe m'mutu ndi kumumana tulo, anavomera kuti ndiye anadzutsa mafunde. Anaphedwa kumayambiriro kwa 1591. Anthu oposa 70 anakokeredwa m'milandu imeneyi, yomwe imadziwika ndi dzina la North Berwick.

Wophunzira akawerenga zimenezi amafunsidwa kuti: pa zonse zimene khoti linamva, ndi chiti chimene sichinatuluke m'kamwa mwa munthu amene akumva ululu? Akafufuza bwino amapeza kuti chatsala ndi namondwe yekha. Ndipo namondwe m'nyengo yake safuna womuitana.

Pepala limene limatontholetsa kalasi yonse ndi kalata ya Johannes Junius. Bamboyu anali meya wa mzinda wa Bamberg ku Germany, munthu wazaka 55, wolemekezeka. Mu May 1626 chisanu chinagwa nthawi yolakwika nkuwononga mbewu m'dera lonselo, mitengo ya chakudya inakwera, ndipo anthu anayamba kufunsa kuti wachita izi ndani. Pofika 1631 anthu mazanamazana a ku Bamberg anali atawotchedwa. Junius anagwidwa mu June 1628. Tili ndi mapepala awiri onena za mlandu wake. Loyamba ndi la khoti, lolembedwa mwaudongo, lonena kuti woimbidwa mlandu anavomera kuti anapangana ndi Satana ndipo ankapita kumisonkhano ya afiti. Lachiwiri ndi kalata imene iye analembera mwana wake wamkazi Veronica ali m'ndende, ya pa 24 July 1628, imene inamutengera masiku angapo chifukwa zala zake zinali zitaphwanyidwa.

M'kalatamo akufotokoza mmene anamufinyira zala mpaka magazi kutuluka m'zikhadabo, mmene anamumangira manja kumbuyo nkumukweza m'mwamba ndi chingwe kenako kumugwetsa, kangapo konse. Akuti ngakhale womuzunzayo anamuchonderera kuti angopeka chilichonse, chifukwa oweruzawo samasula munthu. Atapeka nkhani yake, anamuuza kuti atchule anzake amene anawaona kumsonkhano. Iye atati sanazindikire aliyense, anayamba kumutchulira misewu ya mzindawo umodziumodzi, kuti pa msewu uliwonse apereke dzina. Akutinso anthu amene anamutchula iye anamupepesa m'ndende momwemo, kunena kuti nawonso anakakamizidwa chimodzimodzi. Anaphedwa mwezi wotsatira. Kalatayo ilipobe, ikusungidwa ku Bamberg.

Taganizani kalatayo ikanasowa. Bwenzi lero tili ndi pepala la khoti lokha, ndipo wowerenga aliyense bwenzi akuti: koma si uyu anavomera yekha? Apa mpamene wophunzira amazindikira kuti mawu oti anavomera yekha sakwanira mpaka titadziwa kuti anavomera ali m'manja mwa yani. Amaonanso mmene chiwerengero chinkakulira. Mmodzi akatchula asanu, asanuwo aliyense atchulanso ake, ndipo kuchuluka kwa otchulidwa kunkaoneka ngati umboni woti afiti achulukadi, pamene chinkachuluka ndi ntchito ya chingwe.

Meya ngati Junius ankagwidwa moto utakula kale. Poyambira penipeni pankakhala pa munthu wosauka. Alan Macfarlane, amene mu 1970 anatulutsa kafukufuku wa milandu ya m'chigawo cha Essex ku England, pamodzi ndi Keith Thomas, anaona kuti nkhani zambiri zinkayenda njira imodzi. Mayi wokalamba, kawirikawiri wamasiye, wapita kwa mnansi kukapempha mkaka kapena kachakudya. Wamanidwa. Wachoka akung'ung'udza. Patapita masiku ng'ombe yafa kapena mwana wadwala, ndipo womana uja wakumbukira kung'ung'udzako. Tiisamutsire pa gombe lathu: chilimira chatuluka ndi usipa, agogo atambasula kambale kawo, mwini bwato wawabweza, mawa lake injini yafa pakati pa nyanja. Akatswiriwa anati chimene chikulankhula apa ndi chikumbumtima cha womanayo. Akudziwa kuti analakwira mwambo wa kugawana, ndiye mtima umapepuka akasandutsa wolakwiridwayo kukhala wolakwa. Si milandu yonse inayamba chotere, ndipo akatswiri ena anawatsutsa pa zina. Koma ife tikuona kuti pa mfundo iyi anagunda pamene pali phokoso. Mvula ikakuona litsiro sikata: umasiye, ukalamba, umphawi, kenako dzina la ufiti pamwamba.

Tsopano funso limene ife timaliona lofunika kuposa onse: zinatha bwanji? Yankho limene ambiri amathamangira nlakuti azungu anatsegula maso nkusiya kukhulupirira ufiti. Mapepala sakuvomereza zimenezo. M'madera ambiri moto unazima anthu akukhulupirirabe, oweruza omwe.

Chitsanzo chabwino ndi Alonso de Salazar Frías, wansembe komanso katswiri wa malamulo wa ku Spain, mmodzi mwa oweruza a khoti la mpingo ku Logroño. Mu November 1610 khotilo linawotcha anthu 6 amoyo pa mlandu wa ufiti, ndipo m'malo moti mitima ikhale pansi, midzi ya m'mapiri a Abasque inadzaza ndi ana onena kuti akuluakulu amawatenga usiku kupita nawo kumisonkhano ya afiti. Makolo, kodi nkhaniyi simukuizindikira? Chasiyana ndi lichero lokha. Mu 1611 Salazar anatumidwa kukayendera midziyo, ndipo anatha miyezi yambiri akumva nkhani za anthu oposa 1,800, mwa iwo ana oposa 1,300.

Chimene anachita nchosavuta, koma chinafuna kudekha. Anthu amene ankati amapita kumsonkhano umodzi anawatengera kumaloko mmodzimmodzi, nkuwafunsa payekhapayekha kuti aloze pamene ankakhala, mayankho anasemphana. Mafuta ndi ufa zimene ankati nzowulukira ndi zophera anazipereka kwa odziwa za mankhwala, zina anaziyesa pa ziweto, ndipo sizinachite kanthu. Ana amene ankati anawuluka usiku wakuti, a m'nyumba mwawo anachitira umboni kuti anagona pamphasa pawo mpaka kucha. Ambiri atapatsidwa mpata wolankhula popanda kuwopsezedwa anabweza mawu awo, nkuulula kuti anawakakamiza ndi abale kapena akuluakulu a m'mudzi. Salazar analembera akuluakulu ake kuti sanapeze umboni ngakhale umodzi woti ufiti unachitikadi m'milandu imene anaiona, ndiponso kuti m'midzimo munalibe odandaula za kulodzedwa mpaka pamene nkhaniyo inayamba kulalikidwa ndi kukambidwa paliponse. Mu 1614 likulu la khotilo linatulutsa malangizo atsopano okhwimitsa za umboni. Munthuyu sanakane zoti Satana aliko. Anangokana kupha munthu pa maloto a mwana.

Ku Salem, ku America, zinayendanso chotero mu 1692. Anthu 19 ananyongedwa ndipo mmodzi anafa atamusanjikiza miyala, makamaka pa umboni wa atsikana onena kuti chithunzithunzi cha wakutiwakuti chikuwatsina. Akuluakulu atayamba kukayikira umboni wamtunduwu, bwanamkubwa William Phips anathetsa khotilo, ndipo mu 1697 mmodzi mwa oweruza, Samuel Sewall, anaimirira m'tchalitchi kupepesa poyera.

Ku Britain lamulo la 1735 linatembenuza nkhani yonse: khoti linasiya kuweruza anthu kuti ndi afiti, nkuyamba kulanga odzinenera kuti ali ndi mphamvu zoterozo. Maganizo amenewa ndiwo anafika kuno ndi atsamunda. Lamulo la za ufiti la Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1911, chaka chomwe tchalitchi cha pa Chipyela chinapatulidwa. Limaletsa kumwetsa anthu mwabvi, kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndi kuitana wosaka afiti. Ambiri amalidandaula kuti ndi lachilendo ndipo limakana zimene Amalawi amadziwa, mpaka bungwe lounika malamulo linalikhalira pansi zaka zapitazi. Mkanganowo ndi woyenera kuumva. Koma amene akufuna kuti makhoti aziweruza ufiti ayankhe kaye funso la Salazar: adzalandira umboni wotani, umene munthu wosalakwa angathe kuutsutsa?

Lamulo la 1911 silinachotse mantha, linangowatsekera khomo limodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, nthawi imene chuma cha dziko lonse lapansi chinagwa ndipo ambiri anachotsedwa ntchito kumigodi ndi kuminda ya azungu, kunabuka mchape. Unayambira cha ku Mulanje, ukutchulidwa ndi dzina la Kamwende, nkufalikira m'mbali mwa nyanja ino mpaka ku Northern Rhodesia, Tanganyika ndi Mozambique. Audrey Richards, amene anawaona amchape pakati pa Abemba mu 1934, analemba kuti anali anyamata ovala zachizungu, ankandandalitsa mudzi wonse, kuyang'ana aliyense pa kalilole, kulamula kuti nyanga ndi zithumwa zitulutsidwe, kenako onse kumwa mankhwala ofiirira a m'botolo. Lonjezo linali loti ufiti watha, ndipo wobwerezanso adzafa yekha. Maliro sanaleke. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu analinso paulendo, tsopano wopita kwa Chikanga ku Rumphi, ena kuchokera kutali ku Tanganyika. Tiwachitire chilungamo amchape: iwo sankawotcha munthu, ankati amuchape abwerere m'mudzi. Komabe amene kalilole wamugwira analibe njira yodziyeretsera, ndipo dzina lotere silichoka ndi sopo.

Za masiku ano sizifuna kukumba m'mabuku. Mu January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno, mphenzi inapha mtsikana wazaka 17, ndipo gulu la anthu linapha okalamba 4 powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera. Ikani Neno pambali pa North Berwick: uku mphenzi, uko namondwe. Kusiyana kwake nkwakuti ku Neno kunalibe ngakhale khoti loipa loti mawa munthu adzawerenge mapepala ake.

Asilamu tisafulumire kudziguguda pachifuwa. Nzoona kuti akatswiri sapeza kusaka afiti kwa mtundu wa ku Bamberg m'maiko a Chisilamu a nthawi imeneyo, ndipo amene anaphunzira fiqh sangadabwe. Ma ulama anakhazikitsa kuti wodandaula ndiye abweretse umboni, osati woimbidwa mlandu adziyeretse; ambiri mwa iwo anakana kuvomera kotuluka mwa kukakamiza; anati pamene pali chikaiko chilango chachikulu chiimitsidwe; ndipo kuweruza ndi ntchito ya qadhi, osati ya gulu la anthu okwiya. Surah Al-Hujurat, ndime 6 ndi 12, ikutiphunzitsa kufufuza nkhani tisanapweteke anthu ndi kupewa kuganizirana zoipa. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) analetsa kupita kwa owombeza, ndipo dzuwa litagwidwa ndi kadamsana tsiku limene mwana wake Ibrahim anamwalira, anawongola anthu amene ankalumikiza ziwirizo, ngakhale kuti kulumikizako kunkamulemekeza iyeyo. Koma malamulo abwino a m'buku sayenda okha. Mu 1998 ku Banyuwangi, pa chilumba cha Java ku Indonesia, dera la Asilamu ochuluka, anthu oposa 100 anaphedwa ndi anansi awo powaganizira matsenga, chuma cha dzikolo chitagwa ndipo boma likugwedezeka. Ophawo ambiri ankaswali ngati ife.

Pali chinthu chimodzi chimene phunziroli silingapereke, ndipo mphunzitsi woona mtima amavomereza. E. E. Evans-Pritchard, amene mu 1937 analemba za Azande a ku Sudan, anapereka chitsanzo cha nkhokwe yogwera anthu amene akhala pamthunzi pake. Azande ankadziwa bwino kuti chiswe ndicho chadya mizati. Funso lawo linali lakuti: bwanji yagwa nthawi imeneyi, pa anthu amenewa? Mayi amene bwato lamira ndi mwana wake, mabwato ena onse nkufika bwino, akufunsa funso lomwelo, ndipo kumuuza za liwiro la mwera sikumutonthoza. Mbiri yakale ilibe yankho pamenepo. Ife timaliyankha ndi qadar, ndi sabr, ndi kukhala naye pamaliro mpaka masiku atathe. Chimene mbiri ikuonetsa nchakuti funsoli likasiyidwa lopanda womvera, pamapezeka wina wobwera ndi dzina la munthu ngati yankho, ndipo kawirikawiri amalipiritsa. Matthew Hopkins, amene anayendayenda kum'mawa kwa England kuyambira 1645 akudzitcha mkulu wa osaka afiti, ankalandira ndalama ku mizinda imene waiyeretsa.

Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, amene ena a inu Insha Allah mudzakawerenga mbiri ku Zomba kapena ku Mzuzu, tchuthi chino tikupatsani ntchito. Khalani pansi ndi agogo anu kapena wachikulire wina wa m'mudzi, muwapemphe akufotokozereni zimene anaona kapena kumva za mwabvi, za mchape, kapena za maulendo a kwa Chikanga. Funsani kuti kunali kutagwa tsoka lanji, wotchulidwayo anali munthu wa moyo wotani, anthu anadalira umboni wanji, ndipo panali ndani amene anakana. Funso lomalizali musaliiwale, chifukwa anthu okana aja nkhani zambiri zimawadumpha. Lembani masamba awiri, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndipo musonyeze zimene agogowo anaona ndi maso ndi zimene anangomva kwa ena.

Musalembe dzina la munthu, la banja kapena la mudzi wa wotchulidwayo. Chilumba chathu nchaching'ono, ndipo zidzukulu za anthu amenewo mumakhala nazo pa desiki imodzi. Pepala lokhala ndi dzina tidzalibweza osaliwerengera kalasi. Makolo, tikupempha kuti muwalole anawa kucheza ndi akuluakulu masana, pakhonde, inu muli pafupi. Mapepala afike sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi, ndipo tapempha a komiti ya mzikiti kuti atitumizire akuluakulu awiri odzakhala nafe tsiku lowerenga.